Chakudya chotayidwa mu Lusaka: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu amandifunsa mobwerezabwereza akaona mulu wa kompositi kuseri kwa nyumba yathu ku Mtendere, kapena tikakhala pansi ndi amayi a kumpingo ndi anzanga ogulitsa pamsika. Ndawasanja kuyambira apafupi mpaka ofuna kufotokoza mozama. Pamene yankho lili kale pa funso lina, ndakulozerani komweko.

Mukati "chakudya chotayidwa" mukunena chiyani kwenikweni?

Mawuwa akuphatikiza zinthu zosafanana. Pali chakudya chimene chimaonongeka chisanafike m'manja mwa wogula: chimanga chofumbwa m'thumba, tomato wophwanyika pa lole yochokera ku Mkushi, mkaka wosasa m'njira. Pali china chimene chinafika bwinobwino kukhitchini, mwina n'kuphikidwa kumene, koma palibe anachidya. Ndiye palinso makoko a nthochi ndi zigoba za mazira, zimene n'kale lonse sizikanadyedwa.

Kusiyanitsaku kuli ndi ntchito, chifukwa mankhwala ake ndi osiyana. Choyamba chimafuna kasungidwe ndi kanyamulidwe kabwino. Chachiwiri chimafuna kuti wophika asinthe dzanja. Chachitatu chokhacho ndicho choyenera kupita pa mulu wa manyowa.

Kuno anthu akugona ndi njala. Chakudya chotaya chingachokere kuti?

Funsoli limandigwira mtima, ndipo wofunsayo sanalakwe. Banja logula pamela, kapaketi kakang'ono ka ufa, tsiku ndi tsiku ku Kanyama kapena ku Misisi silitaya nsima. Ngakhale nkhoko za m'poto ana amazikokota mpaka poto kuwala.

Koma tadzukani m'mamawa mupite kumsika wa Soweto nthawi imene tomato wachuluka. Malole amakhala atafika usiku, mabokosi a matabwa atasanjikana, ndipo pansi pa bokosi lililonse madzi ofiira akudontha. Anyamata a mawilibala amadutsa akuponda masamba a kabichi amene asendedwa kuti mutu uoneke bwino. Dzuwa likafika pamutu, repu amene sanagulidwe wafota, mawa palibe adzamuyang'ane. Madzulo zonsezo zimakhala chimulu chimodzi chosakanikirana ndi mapulasitiki, mabotolo ndi matope. Mlimi anagula mbewu, feteleza ndi mafuta a pampu, analipira lole, koma gawo lina la thukuta lake lathera pamulupo. Chinanso chimatayika ku mayadi, m'malesitilanti, m'sukulu zogonera komweko ndi pa zisangalalo.

Anthu ambiri amaganiza kuti kutaya chakudya ndi matenda a mayiko olemera okha. Lipoti la 2024 la UNEP, bungwe la United Nations loona za chilengedwe, linapeza kuti m'chaka cha 2022 dziko lonse linataya matani 1.05 biliyoni a chakudya m'masitolo, m'malo odyera ndi m'makomo, ndipo 60 pa 100 alionse a chakudyachi anatayidwa m'makomo. Za m'makomozi ndi pafupifupi makilogalamu 79 pa munthu aliyense pachaka. Linaonetsanso kuti makomo a m'mayiko olemera ndi a m'mayiko apakatikati sasiyana kwambiri pa nkhaniyi, ndiponso kuti mayiko otentha amataya zambiri chifukwa zakudya sizichedwa kuonongeka. Choncho njala ndi kutaya zimakhala mu mzinda umodzi, nthawi zina mumsewu umodzi.

Zimene ndataya mubini zimathera kuti?

Ngati mumalipira otola zinyalala, zimapita ku Chunga, kumpoto kwa mzinda kupitirira Matero. Kumeneko ndiko kudzala lalikulu la Lusaka. Ku mayadi amatola ndi makampani opatsidwa madera, pomwe m'makomboni ambiri ndi timagulu ta anthu a m'deralo timene timasonkhanitsa zinyalala kuti galimoto idzanyamule. Ntchito yonseyi ili pansi pa Lusaka Integrated Solid Waste Management Company.

Si zonse zimene zimafika ku Chunga. Boma la Lusaka lokha linali ndi anthu oposa 2 miliyoni pa kalembera wa 2022, ndipo makomo ambiri sakwanitsa kulipira mwezi uliwonse. Zotsalazo zimakwiriridwa pakhomo, zimaotchedwa madzulo, kapena zimaponyedwa m'ngalande usiku kuti mvula idzazikokolole.

Chakudya chimaola chokha. Ndiye vuto lili pati?

Vuto ndi malo amene chikuolera, ndiponso zimene chasakanikirana nazo. Khoko la mbatata likaolera m'dimba limasanduka dothi. Khoko lomwelo likamangidwa m'pulasitiki n'kukwiririka pansi pa chimulu chopanda mpweya, limatulutsa mpweya wa methane, umene umatenthetsa dziko kuposa carbon dioxide pafupifupi ka 28 tikawerengera zaka 100. Mpweyawu umayakanso, n'chifukwa chake moto wa kudzala lalikulu umafuka masiku ambiri osazima. Chakudya choonongeka ndi chotayidwa chimachititsa pakati pa 8 ndi 10 pa 100 alionse a mpweya wonse wotenthetsa dziko.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri kuno kwathu ndi madzi. Lusaka anamangidwa pa miyala ya laimu yokhala ndi ming'alu ndi mapanga, ndipo m'madera ngati Kanyama madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Madzi akuda otsika pa mulu wa zinyalala savutika kulowa m'ming'aluyo, chonsecho anthu ambiri akumwa a m'zitsime zosazama ndi m'mijigo.

Kolera sabadwa m'makoko a kabichi. Amafala ndi madzi kapena chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha wodwala. Komabe zinyalala zikatseka ngalande, madzi a mvula amasefukira, kulowa m'zimbudzi zokumba n'kutulukanso kupita m'zitsime ndi m'makhonde, ntchentche nazo zikuswana pa zoolazo. Tinaziona mu 2017 ndi 2018 pamene asilikali anachita kubwera kudzayeretsa misika. Tinazionanso kuyambira October 2023, mpaka bwalo la National Heroes Stadium linasanduka chipatala ndipo sukulu sizinatsegulidwe kufikira mu February 2024.

Kodi malamulo akuti chiyani?

Lamulo lalikulu ndi Solid Waste Regulation and Management Act la 2018, limene limapatsa makhonsolo udindo woyang'anira zinyalala. Bungwe la ZEMA limayang'ana za kuonongeka kwa chilengedwe motsatira lamulo la 2011. Mu 2018 munatulukanso lamulo loletsa timapepala ta pulasitiki topyapyala kwambiri, tosafika ma micron 30. Kutaya zinyalala pamsewu kapena m'ngalande ndi mlandu.

Kampeni ya Keep Zambia Clean inayamba mu 2007 nthawi ya Pulezidenti Levy Mwanawasa, n'kudzatsitsimutsidwanso mu 2018. Ine ndimapita kukasesa nawo ndipo ndimakulimbikitsani kutero. Koma ndinene zoona: kusesa kumangosuntha mulu kuuchotsa pano kuuika apo. Chimene chikusowa ndi choti pamsika uliwonse waukulu pakhale malo osiyana otayirapo zoola, ndi galimoto yake yozitengera kumene zikasanduke manyowa kapena chakudya cha ziweto. Zikasakanikirana ndi magalasi osweka ndi matewera a ana, palibe mlimi angazilandire ngakhale mwaulere.

Ndimakhala nyumba ya lendi. Ndiyambire pati?

Pezani chidebe chachiwiri chokhala ndi chivundikiro, muchiike pafupi ndi pomwe mumasendera ndiwo. Zonse zoola zilowe mmenemo, zouma zipite m'thumba la masiku onse. Ngati mungachite chinthu chimodzi chokha pa zonse zolembedwa pano, chikhale chimenechi.

Chaka china m'mwezi wa January, otola zinyalala m'dera lathu anangosowa milungu itatu, ndalama titalipira kale. Mvula inali kugwa pafupifupi tsiku lililonse. Matumba a anansi anga anayamba kutuluka mphutsi, agalu akuwang'amba usiku, fungo osanena. Langa linali ndi mapulasitiki, zitini ndi mapepala okhaokha, ndipo linangokhala pakona lopepuka ngati pilo. Amayi a nyumba yoyang'anizana nafe anabwera n'kundifunsa kuti, "Anzathu, kodi inu akukutengerani usiku?" Ndinawatengera kuseri kukaona chidebe ndi mulu. Lero ndiwo amandibweretsera makoko awo Loweruka lililonse.

Kumene mungapite nazo za m'chidebecho ndakufotokoza pa mafunso a nkhumba, a kompositi ndi a anthu opanda malo.

Kodi mkute ndi wabwino kudya? Nanga mpunga wa dzulo?

Mkute, umene ambiri muno timautcha chimbala, walera anthu ochuluka ndipo palibe chochititsa manyazi pa iwo. Chofunika ndi kasamalidwe. Chakudya chophika chisakhale pamtunda maola oposa awiri, makamaka mu October. Chotsani nsima m'mbale zimene anthu apisamo manja, muivundikire, muiike pozizira, ndipo m'mawa muitenthetse mpaka nthunzi ituluke pakati penipeni, osati kungofunditsa pamwamba. Ndiwo za msuzi ziwiritseni zibwate musanagone, m'mawa muziwiritsenso. Nsima yotsala mutha kuiphwanya m'madzi, kuthiramo kaufa ka chimera n'kupanga maheu.

Mpunga ndiwo wofuna kusamala. Ukakhalitsa pofunda, tizilombo tina timasiyamo poizoni amene satha ngakhale muutenthetsenso. Ngati mulibe pozizira pousunga, phikani wokwanira kudya nthawi yomweyo. Ndipo m'nyengo ya kolera, mwana wamng'ono, mayi woyembekezera kapena wodwala musamupatse chogona chimene mukuchikayikira.

Magetsi amangozimazima. Popanda filiji ndingasunge bwanji ndiwo?

Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi ngozi ya dziko pa 29 February chaka chimenecho, chinaphwetsa madzi ku damu la Kariba, kumene amapangira magetsi, ndipo makomo ambiri ankakhala tsiku pafupifupi lonse opanda magetsi. Nyama ndi nkhuku zambiri zinaolera m'mafiliji. Chinatikumbutsa nzeru imene agogo athu ku Chipata, ku Katete ndi ku Petauke sanaitaye: mfutso.

Chibwabwa, kalembula, bondwe, khwanya, ngakhale repu, zonse zimafutsika. Tsukani, dulani, muviike m'madzi owira a mchere pang'ono kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako muyanike pathandala kapena pa lichero pamwamba, pomwe nkhuku ndi fumbi la mumsewu sizifika. Pamthunzi podutsa mphepo masamba amasunga mtundu ndi mavitamini kuposa padzuwa la phwee. Akamathetheka m'manja ndiye kuti auma. Kumudzi ankawakulunga m'masamba a msuku n'kupanga chikwatu chopachika kudenga la khitchini. Kuno botolo louma lotsekeka bwino likugwira ntchito yomweyo. Mfutso wotendera ndi nsinjiro mu September, masamba atakwera mtengo pamsika, ndi chuma.

Za tomato, impwa ndi therere wa masiku ochepa, ikani mphika wadothi waung'ono m'kati mwa waukulu, pakati pake muthire mchenga wonyowa, pamwamba nsalu yonyowa. Madzi akamauma amachotsa kutentha. Njirayi imagwira bwino m'chilimwe, m'dzinja mphamvu yake imachepa.

Ndimagulitsa tomato pamsika. Ndichepetse bwanji zoola?

Tomato wambiri amafera m'bokosi. Mabokosi a matabwa amadzazidwa mpaka kupanga phiri pamwamba, ena n'kusanjikidwa pomwepo, ndiye wapansi amafika atatswanyika. Makireti a pulasitiki olowana m'makona amathandiza chifukwa kulemera kumagwera pa kireti, osati pa tomato. Ndikudziwa kuti wooda sasankha bokosi, ndipo ogula anazolowera kuona phirilo, koma mukangofika pa tebulo panu khuthulani msanga ndi kusankha. Mmodzi wosweka amaoletsa anzake onse omuzungulira.

Wakupsa kwambiri musamudikire mawa. Muikeni payekha pa mtengo wotsika, kapena gwirizanani ndi amayi ophika nsima pamsika pomwepo kuti azimutenga masana alionse. Kupereka mbasela ya tomato wofewa kwa kasitomala wanu n'kwabwino kuposa kukamutaya madzulo. Wotsala muduleni mapisi, muwaze mchere ndi kuyanika, kapena mumuphike mpaka alimbe n'kumutsekera m'mabotolo owiritsidwa. Mango a mu December nawonso amayanikika, ngakhale amavuta chifukwa ndi nthawi ya mvula. Mthunzi wa saka lonyowa pamwamba pa tebulo ukhoza kuwonjezera tsiku lathunthu pa masamba.

Tsiku lolembedwa pa paketi likadutsa, nditaye basi?

Onani mawu ake. Pakalembedwa "use by", monga pa mkaka, soseji ndi nyama, tsikulo ndi malire ndipo musapitirire. Pakalembedwa "best before", monga pa mabisiketi, mpunga kapena zam'zitini, akunena za kukoma, ndipo chinthucho chingakhale chili bwino ngati paketi sinabooke. Chitini chotupa, chodontha kapena cha dzimbiri tayani osalawa n'komwe. Izi ndikunena za chakudya cha m'nyumba mwanu. Wa kantemba asagulitse zinthu zodutsa tsiku.

Chimanga kapena nsawa za chuku ndingapatse nkhuku?

Ayi, chonde. Apa ndipo maganizo oti tisataye kanthu amapha. Chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amaononga chiwindi, amapinimbiritsa ana, ndipo satha ndi kuphika. Mu August 2024 unduna wa zaumoyo unalengeza kuti agalu mazana angapo anafa atadya chakudya cha chimanga chokhala ndi poizoniyu, ndipo ufa wina unachotsedwa m'masitolo. Ng'ombe ikadya zoterezi, poizoniyo amatulukira mu mkaka. Musapangirenso mowa kapena thobwa. Zikwirireni pansi.

Njira yabwino ndi kupewa. Amene mumalandira matumba a chimanga kuchokera kumudzi, yesani ngati chauma: thirani chimanga chodzaza dzanja m'botolo louma pamodzi ndi mchere wouma, mukhutchumule, mudikire pang'ono. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chikadali ndi chinyezi, chiyanikeninso. Chikauma chisungeni m'matumba osalowa mpweya, monga a PICS, momwe anankafumbwe amafa okha popanda mankhwala. Thumba lisagunde pansi kapena khoma.

Nanga zotsala za kulesitilanti kupatsa nkhumba?

Iyi ndi njira yabwino kuposa kompositi, chifukwa chakudya chimabwereranso kukhala chakudya. Alimi a nkhumba a ku Chongwe, ku Kafue ndi m'mapulazi ozungulira mzinda amafuna masamba a kabichi, gaga ndi zotsala zina. Koma pali chigodola cha nkhumba, matenda opha pafupifupi khola lonse, opanda mankhwala, amene ndi odziwika bwino ku chigawo cha Kum'mawa ndipo anafikapo kuno ku Lusaka. Kachilombo kake kamakhala nthawi yaitali mu nyama ya nkhumba, ngakhale youma kapena ya mufiliji. Kachidutswa kamodzi ka soseji m'chidebe n'kokwanira.

Choncho zotsala za m'mbale ziwiritsidwe zibwate kwa ola lathunthu, mukutakasa, zisanapite kukhola. Ngati muli nyama ya nkhumba, musapereke n'komwe. Masamba a pamsika amene sanakhudzane ndi nyama alibe vutoli, kungochotsamo mapulasitiki ndi mawaya.

Kompositi ndipange bwanji?

Sankhani malo a mthunzi, osadikha madzi, kutali ndi chitsime. Mulu wabwino ndi wa mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu. Ukachepa kwambiri sutentha.

Pansi yalani timitengo kapena mapesi kuti mpweya uzilowa. Kenako muzisinthanitsa zouma ndi zaziwisi. Zouma ndi masamba ogwa, udzu wouma, makoko a nsawa, makatoni ong'ambang'amba, ndi utuchi wa matabwa osapakidwa mankhwala, umene akalipentala a ku Kalingalinga kapena ocheka matabwa ku Buseko amakhala nawo wambiri. Zaziwisi ndi za m'chidebe chanu chija (kupatula zophika, nyama, nsomba ndi mafuta), udzu wongodula kumene ndi zitosi za nkhuku. Pa chidebe chimodzi cha zaziwisi ikani ziwiri kapena zitatu za zouma. Apa ndi pamene anthu ambiri amaphonya, chifukwa khitchini imatulutsa zaziwisi zokhazokha, ndiye muyenera kusungiratu masaka a masamba ouma m'miyezi ya August ndi September, nthawi imene anzanu akuwaotcha. Wazani kadothi pang'ono pamwamba pa gawo lililonse. Phulusa la pa mbaula likhale lochepa, longowaza ngati mchere.

Chinyezi muchiyese ndi dzanja. Tapani pakati, mufinye: pakatuluka kadontho kamodzi kapena tiwiri zili bwino, madzi akachucha onjezani zouma, zikamwazika thirani madzi. Zikani ndodo pakati pa mulu. Pakatha masiku atatu kapena anayi izuleni muigwire. Ikakhala yotentha ndi yonyowa, ntchito ikuyenda. Mulu wabwino umafika madigiri 55 mpaka 65, kutentha kokwanira kupha njere za udzu ndi tizilombo tambiri toyambitsa matenda. M'mawa wa June mukautembenuza mumaona nthunzi ikukwera ngati mwavundukula poto, ndipo ana a pakhomo pathu amathamangira kudzaona.

Tembenuzani pakatha milungu iwiri iliyonse, za kunja zilowe m'kati. M'dzinja vundikirani ndi masaka kuti mvula isaukhathamiritse. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu umakhala utapsa, koma m'nyengo yozizira umachedwerapo. Ofuna kuphunzira mozama, Kasisi Agricultural Training Centre, kufupi ndi bwalo la ndege, akhala akuphunzitsa ulimi wa manyowa kwa zaka zambiri.

Wanga ukununkha ndipo wabweretsa makoswe. Ndalakwitsa chiyani?

Mwina zomwe ndinalakwitsa ine poyamba. Ndinkathira chilichonse: mkute, msuzi wa kapenta, mafuta otsala pokazinga, mitu ya nsomba. Patatha milungu iwiri mulu unasanduka phala lakuda lonunkha ngati chimbudzi, makoswe anaboola una pansi pake, ndipo eni nyumba anandiitana n'kundiuza mwaulemu kuti, "Amayi, kapena zimenezi mukachitire kumudzi." Ndinapempha mlungu umodzi. Ndinaupasula wonse, kusakaniza ndi masaka atatu a masamba ouma a mango ndi utuchi, n'kuumanganso pa timitengo. Fungo linatha m'masiku anayi.

Fungo la zoola limatanthauza madzi ambiri ndi mpweya wochepa. Fungo la mkodzo limatanthauza kuti zaziwisi kapena zitosi zachuluka. Mankhwala a zonse ziwiri ndi zouma ndi kutembenuza. Makoswe amabwera chifukwa cha zophika, nyama, nsomba ndi mafuta, ndiye zimenezi zisalowe pa mulu wa pakhomo. Za m'chidebe muzizikwirira pakati, osazisiya poyera. Chimbudzi cha agalu ndi amphaka, matewera, mabatire ndi zosesa zokhala ndi magalasi zisayandikire n'komwe.

Pakhomo pathu ndi simenti yokhayokha. Nditani?

Chidebe cha malita 20 chobooledwa m'mbali ndi pansi, kapena saka la ufa loimika pa njerwa, chimagwira ntchito ngati mulu waung'ono. Muyezo wa zouma ndi zaziwisi ndi womwe uja, kungoti muziduladula tizidutswa ting'onoting'ono ndipo zimatenga nthawi yotalikirapo. Mukhale ndi ziwiri, china chikudzaza china chikupsa. Manyowa ake ndi okwanira masaka angapo obzalamo repu ndi anyezi m'mbali mwa khoma.

Ngati zimenezonso n'zosatheka, funsani mumsewu mwanu. Sipalephera kukhala wina woweta nkhuku kapena akalulu, wa dimba, kapena wogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu amene amagula dothi lakuda ndi ndalama. Nyumba zisanu za pa pulotipo zitagwirizana kukhala ndi mulu umodzi, zimapepuka kuposa aliyense payekha.

Ndamva za mphutsi zodyetsa nkhuku. Si zauve zimenezo?

Si mphutsi za ntchentche ya kuchimbudzi. Izi ndi za ntchentche ina yakuda, yooneka ngati mavu, imene pa Chingerezi amati black soldier fly. Siluma, sitera pa chakudya cha anthu, ndipo ikakula imangokhala masiku ochepa kuti iikire mazira. Mphutsi zake ndi zonenepa, zotuwa, za khungu lolimba, ndipo zimadya modabwitsa. Zimatha ngakhale zophika zimene ndakuletsani kuika pa kompositi. Pakatha milungu iwiri kapena itatu zimakhala zitakula, ndipo zikaumitsidwa pafupifupi 40 pa 100 alionse a thupi lake ndi mapuloteni. Amene amaweta nkhuku kapena nsomba akudziwa mmene soya ndi kapenta zimakwezera mtengo wa chakudya cha ziweto.

Kuti muziitane, ikani gaga wonyowa wosasa ndi zipatso zoola m'beseni pa tebulo pamthunzi, pamwamba pake mupachike tizidutswa ta katoni, chifukwa zimakonda kuikira m'timipata take. Beseni likhale ndi potulukira madzi ndipo mvula isalowemo. Miyendo ya tebulo muiike m'zitini za madzi, apo ayi nyerere zikutherani zonse. M'miyezi yozizira zimachepa. Zotsalira zake ndi manyowa abwino kwambiri.

Bwanji osangopanga gasi wophikira?

N'zotheka. Zoola zikatsekeredwa m'thanki yopanda mpweya zimatulutsa methane yemwe uja, koma tsopano mukumugwira n'kumuyatsa pa chitofu m'malo mwa makala. Kungoti thankiyo imafuna ndalama zoyambira, ndowe za ng'ombe zoyambitsira, madzi, ndi kudyetsedwa tsiku lililonse osadumphitsa. Makoko a banja limodzi sangaphike nyemba. Ndimaona kuti njirayi ikuyenera sukulu zogonera komweko, malo ophera ziweto ndi misika.

Pa maliro ndi pa ukwati timataya zambiri, koma kuphika pang'ono ndi manyazi. Tingatani?

Pa maliro ena kwathu kuno ndinaona mabeseni awiri a nsima ndi poto wamkulu wa kabichi akukhuthulidwa m'dzenje usiku wachiwiri, pamene nyumba zitatu zokha kuchokera pamenepo pali ana amene ndikudziwa kuti amadya kamodzi patsiku. Nditalankhula, mayi wina wachikulire amene ankayang'anira kukhitchini anandiyankha kuti, "Mwana wanga, pamaliro sawerenga mbale." Ndinati, "Zoona amayi, sitiwerenga. Koma tiphike kawiri m'malo mophika kamodzi." Anandiyang'ana kanthawi, kenako anauza atsikana kuti poto wachitatu adikire anthu abwere kaye kuchokera kumanda.

Mawu awo aja ndimawalemekeza. Mlendo kubwerera ndi njala ndi chipongwe kwa banja, ndipo sindikupempha aliyense kuti aumire. Nsima sichedwa kupsa madzi akakhala ali pamoto kale, ndiye iphikidwe m'magawo malinga ndi anthu amene afika. Pakhale amayi ogawa, osati aliyense kudzitapira, chifukwa chimene chatsala m'poto chimapatsika kwa ena pomwe chotsala m'mbale ndi cha nkhumba basi. Pasankhidwe munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kudziwa makomo ofunika kuwatumizira chakudya chikadali chotentha. Pa ukwati, pa matebeto ndi pa chilanga mulilo (miyambo imene akuchikazi amapititsa chakudya kwa mkamwini), uzani abale abwere ndi makontena, ndipo gwirizanani ndi ophika zisanayambe kuti zotsala ndi za banja. Kuseri kukhale madiramu awiri, la zakudya ndi la mabotolo ndi mbale za pulasitiki.

Kompositi wapsa. Ndimudziwa bwanji, ndipo ndithire wochuluka bwanji? Alowa m'malo mwa feteleza?

Wakupsa amakhala wakuda, wofumbutuka, wozizira, wa fungo la dothi la mvula yoyamba, ndipo simungazindikirenso kuti ichi chinali khoko la chiyani, kupatula zigoba za mazira ndi njere za mango zimene zimachedwa. Mukakayika, dzazani kachitini mubzalemo nyemba zingapo. Zikamera bwino ndi masamba obiriwira, wapsa. Wosapsa amaotcha mizu ndipo amalanda chakudya cha mbewu.

Pa bedi la masamba, yalani wochindikala ngati zala ziwiri kapena zitatu n'kumusakaniza ndi dothi la pamwamba. Pa chimanga, manja awiri odzaza pa phando lililonse musanabzale. M'saka lobzalamo, gawo limodzi la kompositi pa magawo awiri a dothi. Wotsala musungeni pamthunzi atavundikiridwa, chifukwa dzuwa ndi mvula zimamusukulutsa.

Pa dimba la pakhomo, kompositi yekha ndi wokwanira. Pa munda waukulu wa chimanga sindikunamizani: chakudya cha mbewu cha m'thumba limodzi la feteleza wa D Compound kapena Urea n'chochuluka kwambiri kuposa cha m'thumba la manyowa, ndipo khitchini imodzi singadyetse hekitala. Chimene kompositi amachita, chomwe feteleza sangathe, ndi kufewetsa nthaka ndi kuithandiza kusunga madzi mvula ikadula pakati pa nyengo. Alimi ambiri amaphatikiza ziwirizi: manyowa pa phando pobzala, feteleza wocheperapo wobereketsa chimanga chikafika m'mawondo.